Lebulo inati kavalo, chikopa chinali cha ng'ombe: lipoti la majekete 11

Ndine telala. Ntchitoyi ndinaiphunzira pakhonde la sitolo ku Limbe, pa makina a Singer opalasa ndi mwendo, ndipo kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikudula ndi kusoka majekete achikopa mu kashopu kena m'chigawo chapakati cha England. Tilipo anayi: abwana, amene ndi eni shopu ndipo amaona za makasitomala ndi kugula zipangizo, amayi awiri osoka, ndi ine wodula. Lipoti ili ndi la vuto limene linatsala pang'ono kutitsekera shopu. Sinditchula shopu yathu, munthu amene anatigulitsa zikopa, kapena anzathu opikisana nawo amene nkhaniyi inawakhudza. Makampani amene ndawatchula mayina alibe mbali pa vutoli, ndawatchula kuti muone msika umene timagulitsamo.

Jekete limene tonse timasoka

Jekete limene limatidyetsa ndi lotchedwa A-2. Asilikali a ndege a ku America analivomereza mu 1931 kuti likhale chovala cha oyendetsa ndege, ndipo pofika nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse boma linali likupereka makontirakiti kwa makampani ambiri: Rough Wear ya ku Pennsylvania, J.A. Dubow ya ku Chicago, Cable Raincoat ya ku Boston, Aero Leather ya ku Beacon m'chigawo cha New York, Perry Sportswear ndi ena. Onse ankatsata chojambula chimodzi, ndipo nambala yake, 30-1415, imaoneka pa lebulo yapakhosi. Msana ndi chikopa chimodzi chosalumikiza. Kutsogolo kuli matumba awiri okhala ndi zovindikira, opanda polowetsa manja m'mbali. Kolala ili ngati ya shati, yogwidwa ndi mabatani odina obisika. Pali timalamba tapaphewa, kambedza kapakhosi, zoluka zaubweya m'chiuno ndi kumapeto kwa manja, ndi zipi yopangidwa ndi kampani ya Talon, Crown kapena Conmar.

Chojambula chinali chimodzi koma manja anali osiyana. Rough Wear inkakweza kolala poiikira kalamba pansi pake, Perry inkazungulitsa ngodya za matumba. Anthu amene amagula majekete athu amazidziwa zimenezi ngati mmene mlimi amadziwira ng'ombe zake. Akaona chithunzi cha thumba lokha akuuzani kampani imene mukutsanzira, ndi pamene mwalakwitsa.

Mfundo yofunika pa nkhani yathu ndi yakuti pataniyo ilibe mwini. Aliyense amene ali ndi makina ndi chikopa angasoke A-2. Ku Devon ku England kuli Eastman Leather Clothing, imene Gary Eastman anayambitsa mu 1984. Ku Galashiels ku Scotland kuli Aero, imene inatenga dzina la kampani yakale ya ku Beacon ija ndipo sibisa zimenezo. Ku Seattle kuli Good Wear ya John Chapman, imene anthu amalolera kudikira nthawi yaitali kuti awasokere. Ku Japan kuli The Real McCoy's, kuli Buzz Rickson's imene Toyo Enterprise inakhazikitsa mu 1993, ndi ena ambiri amene amatsanzira ngakhale ulusi wa pa lebulo. Jekete la makampani apamwambawa limatha kupitirira mapaundi 1,000. Kumapeto ena a msika kuli mashopu a ku Sialkot ku Pakistan, amene amakusokera pa muyezo wako pa mapaundi mazana ochepa. Ndisaname, ena mwa iwo ndi amisiri enieni. Ndagwirapo ntchito yawo m'manja ndipo msoko wake unali woongoka kuposa wa anthu ena a kuno.

Ndiye munthu amagula chiyani akasankha wina n'kusiya wina? Schott ya ku New York ili ndi mbiri yake kuyambira 1913, ndipo jekete lake lotchedwa Perfecto la mu 1928 ndi lakelake. Lewis Leathers ya ku London imati inayamba mu 1892. Ena alibe zaka zoterozo koma ali ndi dzina la kumene chikopa chachokera: akangotchula fakitale ya Shinki Hikaku ya ku Himeji ku Japan, kapena Horween ya ku Chicago imene yakhala ikufufuta zikopa kuyambira 1905, wogula mtima umakhala pansi. Ife tinalibe agogo pa ntchitoyi, tinalibenso ndalama zoitanitsa zikopa zambiri nthawi imodzi. Tinali ndi kansalu kakang'ono kapakhosi kolembedwa dzina lathu, ndi mawu amene timauza wogula. Munthu wa ku Germany kapena ku Australia amatumiza ndalama zake asanaligwire jekete, asanalinunkhize. Amakhala wagula mawu athu.

Mmene zikopazo zinalowera

Chaka chimene vutoli linachitika mtengo unatipanikiza. Zikopa za kavalo zinali zitakwera, kutumiza katundu kunja kunali kutavuta, ndipo pafupifupi sabata iliyonse abwana ankalandira kalata ya munthu wofunsa chifukwa chimene jekete lathu likudulira pamene la ku Sialkot silifika ngakhale theka la mtengo wathu. Ena ogulitsa pa intaneti anatenga zithunzi zathu, za jekete limene ndinadula ndi manja angawa, n'kumatsatsira katundu wawo. Tinali pakati: otchipa anatiposa pa mtengo, akuluakulu anatiposa pa dzina.

Nthawi imeneyo ndi pamene kunabwera mkhalapakati wina wogulitsa zikopa. Anati ali ndi zikopa za kavalo za mbali yakutsogolo, zimene pa ntchito yathu timati front quarter, zotsala pa oda ya munthu amene anabwerera m'mbuyo. Mtundu wake unali wofiirira ngati dothi la katondo, umene pa A-2 timautcha russet, kukhuthala kwake milimita imodzi ndi pang'ono, monga timafunira. Mtengo unali wotsika kwambiri. Atafunsidwa fakitale imene inafufuta, anangoti ndi ya ku Ulaya ndipo sangaitchule poopa kuti tingamudumphe. Zimenezi si zachilendo kwa amkhalapakati. Abwana anagula.

Tsiku limene ndinayala chikopa choyamba pa tebulo ndikulikumbuka bwino. Chikopa cha kavalo chimavutitsa wodula. Chimakhala chaching'ono, chokhuthala apa n'kupyapyala apo, chakukhosi kumakhala makwinya, ndipo sipalephera kukhala chipsera cha waya kapena cha kulumidwa ndi tizilombo. Kuti upeze msana wathunthu wa munthu wamkulu thupi umazunguza patani kangapo, nthawi zina umasiya chikopacho n'kutenga china. Izi zinali zina. Ndinaika patani ya msana n'kukwana nthawi yomweyo, malo n'kutsala okwana mkono. Nkhope yake inali yofanana kuyambira uku mpaka uko. Zotaya zinali zochepa moti dengu la pansi pa tebulo silinadzaze tsiku lonse.

Mtima wanga unandiuza kuti pali china chake. Ndinauza abwana kuti zikopazi zakula modabwitsa. Anatulutsa invoisi, anandionetsa pamene panalembedwa kuti kavalo, ine n'kukhala chete. Pamenepo ndi pamene ndinalakwa. Invoisi siidula chikopa, wodula ndine, ndipo ndinali ndi zaka zokwanira pa tebulo kuti ndikanize. Koma maoda anali atadikira, ndipo ntchito inkayenda mofewa kwa nthawi yoyamba pa miyezi yambiri.

Tinasoka majekete 11 ndi zikopa zimenezo. Lililonse linapita ndi lebulo yonena kuti ndi chikopa cha kavalo.

Kalata ya bambo wachikulire

Patapita miyezi ingapo tinalandira kalata yochokera kwa mmodzi wa ogula, bambo wachikulire amene amasunga majekete enieni a nthawi ya nkhondo. Sanakalipe. Anayamba ndi kuyamikira kasokedwe ka kolala. Kenako anaika zithunzi zitatu zojambula pafupi kwambiri, chimodzi cha pachigongono pamene chikopa chinayamba kupindika, ziwiri za timabowo ta ubweya pansi pa galasi lokulitsa. Anati kapindikidwe kake ndi kayalidwe ka timabowo sizikufanana ndi kavalo amene iye amamudziwa, ndipo anafunsa funso limodzi: kodi chikopachi chinafufutidwa ku fakitale iti?

Tinalibe yankho. Kusowa yankho kumeneko kunandiwawa kuposa zithunzizo.

Kusiyanitsa kavalo ndi ng'ombe ndi maso okha n'kovuta, makamaka chikopa chikapakidwa utoto pamwamba, ndipo anthu odziwa amatsutsana. Choncho sitinafune kuti nkhaniyi ithere pa maganizo a munthu. Mwamwayi ndimasunga tizidutswa ta chikopa chilichonse chimene ndadula. Tinatumiza zidutswa zitatu ku labotale yoyeza zikopa ku Northampton, tawuni imene yakhala pa ntchito ya zikopa ndi nsapato kuyambira kalekale. Ziwiri zinali za zikopa zosiyana za mkhalapakati uja. Chachitatu chinali cha kavalo wakale amene tinagula ndi mapepala ake onse, ndipo sitinawauze kuti ichi n'chiti. Anaziyang'ana pa maikulosikopu. Chachitatu anati kavalo. Ziwiri zija anati ng'ombe.

Mkangano wa mu shopu

Madzulo amenewo tinatseka chitseko n'kukhala pansi anayi tonse. Abwana ndi munthu woona mtima, koma anali ndi mantha, ndipo mantha ake anali ndi chifukwa. Dziko la anthu okonda majeketewa ndi laling'ono. Amadziwana, amatumizirana zithunzi, amagulitsana majekete ovalidwa kale, ndipo mbiri ya shopu imafika ku Osaka ku Japan isanafike kumapeto kwa msewu wathu. Maganizo awo oyamba anali akuti timubwezere bambo wachikulireyo ndalama zake mwakachetechete, ena khumiwo tiwasiye popeza sanadandaule.

Anabweretsanso mfundo imene inandigwedeza pang'ono, chifukwa ndi yoona. Ngakhale A-2 anayamba ndi chikopa cha kavalo, pa nthawi ya nkhondo ankagwiritsanso ntchito cha mbuzi, ndipo kafukufuku amene Gary Eastman anatulutsa mu 2012 anaonetsa kuti majekete ena a nthawiyo, amene anthu ankawayesa a kavalo, anali a ng'ombe. Ndiye ngati woyendetsa ndege wa mu 1942 anavala ng'ombe osadandaula, ife talakwa chiyani? Chikopacho chinali chabwino, cholimba, chokongola. Palibe amene akanazizidwa nacho.

Ine ndinati woyendetsa ndegeyo analandira jekete kwa boma, sanalipire ndalama yapadera chifukwa cha mawu akuti kavalo. Anthu athu analipira. Amayi mmodzi wa osoka aja anawonjeza kuti jekete lotere limakhala zaka makumi angapo ndipo limasintha manja. Tsiku lina mmodzi wa khumiwo adzaligulitsa kwa munthu wina ali ndi chikhulupiriro chonse kuti ndi kavalo, ndipo amene adzatchedwe wabodza ndi iyeyo, chifukwa cha lebulo yathu. Panalinso lamulo. Lamulo loteteza ogula ku UK, Consumer Rights Act ya mu 2015, limati katundu ayenera kufanana ndi mmene wafotokozedwera. Masiku 30 oti wogula angobweza katundu anali atadutsa, koma ufulu woti timusinthire, timuchotsere mtengo kapena timubwezere ndalama unali ukadalipo, kaya wadandaula kaya sanadziwe n'komwe.

Sitinagwirizane usiku umenewo. Nditafika kunyumba ndinaimbira foni bambo amene anandiphunzitsa ntchito ku Limbe, amene tsopano maso anawafooka ndipo makina anasiyira mdzukulu. Ndinawafotokozera zonse. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwana wanga, munthu akakubweretsera nsalu ya suti ya ukwati wake, iwe n'kumusokera ina, ngakhale ikhale yokongola kuposa yakeyo, udzamuuza chiyani akadzaitembenuza?" Ndinati, "Bambo, nanga shopu ikatsekedwa?" Anati manja ndinapita nawo, sanatsale pakhonde paja.

M'mawa mwake ndinauza abwana kuti sindidulanso chikopa china mpaka anthu onse 11 atauzidwa. Sanakwiye. Anati nawonso sanagone, ndipo kalata anali atailemba kale theka.

Zimene tinachita

Kalata inapita kwa onse tsiku limodzi, kuti pasakhale womva kwa mnzake asanamve kwa ife. Inanena zimene zinachitika popanda kukometsera, inali ndi lipoti la ku labotale, ndipo sinakankhire mlandu kwa mkhalapakati, chifukwa amene analonjeza wogula ndife. Munthu anali ndi ufulu wosankha kubweza jekete n'kulandira ndalama zake zonse, kapena kuti timusokere lina la kavalo weniweni popanda kuwonjezera kanthu, kapena kulisunga n'kulandira gawo la ndalama pamodzi ndi lebulo yatsopano yonena zoona.

Anayi anabweza n'kutenga ndalama. Mmodzi mwa iwo analemba mawu owawa kwambiri, ndipo anali ndi ufulu wotero. Atatu anasankha kusokeredwa ena. Atatu anasunga, wina anati jeketelo lamuzolowera thupi ndipo sangalisiye. Mmodzi sanayankhe.

Mkhalapakati anati naye anagulitsidwa choncho. Analandira zikopa zotsala n'kubweza ndalama ya zimenezo zokha. Zonse zina zinatuluka m'thumba la shopu.

Zimene opikisana nafe anachita

Apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri za msika uno. Nkhani inatuluka pasanathe sabata, monga tinkayembekezera. Shopu ina ya msinkhu wathu, imene timalimbirana nayo makasitomala omwewo, inayamba kutsatsa ndi mawu akuti kwa iwo kavalo ndi kavalo ndithu. Sanatitchule, koma aliyense anamva. Nkhani ikamayenda imanenepa: posakhalitsa kunamveka zoti majekete athu onse kuyambira kale ndi a ng'ombe, kenako zoti sitisoka n'komwe, timangoitanitsa kunja n'kumata lebulo. Bodza lachiwirili linandipweteka kwambiri, poti zala za amayi awiri aja ndimaziona tsiku lililonse. Pa chikopa singano ikaboola yaboola, palibe kusula n'kuyambiranso ngati pa nsalu, ndiye munthu amasoka kolala atagwira mpweya.

Maoda anatsika kwa miyezi. Amayi mmodzi anayamba kubwera masiku atatu okha pa sabata. Abwana ankafuna kuyankha shopu ija poyera, ndipo anali ndi zoti anene, chifukwa pa ntchito ino aliyense amadziwa pamene mnzake anapunthwapo. Tinawaletsa. Wogula akaona amisiri awiri akutukwanana sasankha wolungama, amangopita kwa wachitatu. M'malo mwake tinaika poyera lipoti la ku labotale, kalata imene tinatumiza, ndi mndandanda wa manambala a majekete 11 okhudzidwa, kuti aliyense amene ali ndi jekete lathu lina adziwe kuti lake lilibe vuto.

Panabweranso maganizo osintha dzina la shopu. Ena amachita zimenezo, amatseka lero n'kutsegula mawa ndi lebulo ina. Tinakana pa chifukwa chosavuta: anthu amene anazindikira ng'ombe pa chithunzi cha chigongono angalephere kuzindikira kadulidwe kanga ka thumba? Akanatipeza, ndipo ulendo uno mlandu ukanakhala wothawa.

Koma si onse anatiponda. Mmisiri wina wamkulu, amene shopu yake ndi yotchuka kutiposa kutali ndipo tikanagwa sakanataya kanthu, anaimbira abwana foni. Anati zoterezi zinamuchitikirapo ali wamng'ono pa ntchito. Anatipatsa dzina la munthu amene amamuitanitsira zikopa kuchokera ku fakitale yodziwika, ndipo analola kuti oda yathu yaing'ono ikwere pamodzi ndi yake. Maganizo ake anali akuti wogula akanamizidwa ndi shopu imodzi amayamba kukayikira tonse. Mpaka lero munthu akafuna jekete la mtundu umene ife sitisoka, timamutumiza kwa iyeyo.

Zimene zasintha pa tebulo

Sitigulanso chikopa chopanda dzina la fakitale yofufuta, ngakhale mtengo ukome bwanji. Jekete lililonse lili ndi nambala, ndipo kachidutswa ka chikopa chake timakadula pawiri: theka limapita ndi jekete m'thumba, theka limalowa mu envelopu yolembedwa nambalayo. Wodula akakayikira chikopa, ntchito imaima mpaka chiyezedwe, ndipo zimenezi zinalembedwa papepala kuti zisadalire kulimba mtima kwa munthu tsiku limenelo.

Tinasinthanso kalankhulidwe potsatsa. Kale tinkati jekete lathu ndi lofanana ndendende ndi la nthawi ya nkhondo. Tsopano timanena kontirakiti imene tatsanzira ndi pamene tasiyana nayo, mwachitsanzo kuti zipi ndi yopangidwa masiku ano motsanzira yakale, si yakale yeniyeni. Sitiika dzina la kampani yakale pa lebulo. Ena mwa mayina amenewo analembetsedwa kale ndi opanga a masiku ano, komanso ife tinaona kuti dzina limene tingaliyankhire ndi lathu lokha.

Chinthu chimene sindinachiyembekezere ndi ichi. Majekete anayi obwezedwa aja tinawachotsa malebulo, n'kuikapo onena kuti ng'ombe, n'kuwagulitsa pa mtengo wotsika, mbiri yawo yonse titaifotokoza. Anatha msanga. Kuchokera pamenepo tinayamba kusoka A-2 wa ng'ombe mwadala, wotchipirapo, wolembedwa chimene ali. Ndiye amene tsopano amayankha anthu odandaula mtengo aja. Sitifika pa mtengo wa ku Sialkot ndipo sitidzafikapo, koma munthu amene ankafuna ntchito yathu ndalama n'kumuperewera ali ndi polowera. Njira imeneyi inalipo kuyambira pachiyambi, tisanakumane ndi mkhalapakati uja.

Maoda abwerera, ngakhale sanafike pamene anali. Amayi aja ayambanso kubwera sabata yathunthu. Pakadali anthu amene dzina lathu likatchulidwa amakumbutsa za ng'ombe, ndipo sitiwatsutsa.

Jekete la bambo wachikulire uja ndinalidula ndekha pomaliza. Chikopa choyamba chinakana kutulutsa msana. Chachiwiri chinalola, koma pansi pa phewa lamanzere panatsala kachipsera kotalika ngati chala. Ndinawatumizira chithunzi n'kufunsa ngati ndifune chikopa china. Anayankha kuti ndikasiye pomwepo.

Wa nambala 11, amene sanayankhe uja, talemberako katatu. Gawo la ndalama zake tinaliika padera, ndipo lebulo yake yatsopano ili mu envelopu mu kabati ya pansi pa tebulo langa.